Mafunso a Ngodya

Pamalo omanga mlatho aliyense ankamutchula kuti Injiniya Wamawa. Dzinali linachokera kwa osakaniza konkire, anthu opanda chisoni pakamwa, atamva kuti sukulu anamaliza koma mayeso a chiphaso cha uinjiniya anali asanalembe. Mtsikanayo ankangoseka nawo, nanga akanatani? Koma Lachitatu limenelo kuseka kunamuthera.

Mayeso anali Loweruka. Abwana anali atamuuza mosapsatira kuti akakhoza ulendo uno atsala pa mlathowo mpaka udzathe, apo ayi malo ake apita kwa wina wa mapepala okwana. Koma wolephera mayesowo ankadikira chaka chathunthu asanalembenso, pamene wozengereza ankangodikira miyezi itatu. Ndipo wofuna kuzengereza ankayenera kutero Lachitatu lomwelo isanakwane 12 koloko masana. Iye anali atatsimikiza mtima: bola kutaya mlatho kusiyana ndi kutaya mlatho ndi chaka chomwe.

Si kuti sanawerenge ayi. Miyezi inayi mabuku anawatafuna, mpaka achemwali ake, omwe ankakhala nawo, anasiya kumutuma ntchito zapakhomo. Mafunso a dothi, a madzi oyenda m'mapaipi, a kulimba kwa konkire, onsewo ankawakhoza. Koma masabata awiri omalizawa panabuka tsoka. Funso lililonse lokhala ndi ngodya, kaya ndi kutsetsereka kwa msewu kapena denga lopendekeka, yankho lake silinkagwirizana ndi la kumapeto kwa buku. Sankaphonya patali. Buku likati 50, iye ankapeza 45 ndi kanyenyeswa. Kuphonya kwa pafupi koteroko ndiye kopweteka, chifukwa umangoona kuti vuto ndi mutu wako.

M'mawa umenewo alamu ake, oyendetsa basi, anamupeza atagwira tsaya patebulo.

"Mlamu, mlatho wanuwo mudzatiuze tsiku lotsegulira," anatero akumanga nsapato, "ine ndi basi yanga tidzazungulire njira ina."

Achemwali anawagenda ndi kansalu kopukutira mbale. Iye anayesa kumwetulira, koma mawuwo anamulasa ndipo anayenda nawo mpaka kuntchito.

Itangodutsa 11 koloko anali yekha mu kontena yomwe inali ofesi yawo. Malata ankatentha, fani inkangotembenuza mpweya womwewo. Pakompyuta anali atatsegula tsamba lozengerezera mayeso, kunangotsala kudina. Buku linali pambali, mafunso khumi ndi anayi atawazunguliza ndi cholembera chofiira.

Chitseko chinatseguka, nkulowa a Miyendo Itatu, bambo wopima malo, amene anapatsidwa dzinalo chifukwa cha choimikira makina cha miyendo itatu chomwe sichinkachoka paphewa pawo. Anali munthu wa imvi, wolankhula ngati tsiku silitha. Anabwerera madzi akumwa.

"Nanga nkhopeyo, mwanangu? Mlatho wagwa ine osamva?"

"Ayi bambo, ndagwa ndine. Mayeso aja sindikalemba."

Anamwa madziwo mpaka kutha, kenako anakoka mpando.

"Tandionetsa chakugwetsacho."

Anawalozera funso lapafupi kwambiri, lochititsa manyazi. Waya wotalika mamita 100 wamangidwa kuchokera pansi kufika pamwamba pa mzati, ndipo wapanga ngodya ya madigiri 30. Mzatiwo ndi wautali bwanji?

"Makumi asanu," anatero bambowo osagwira kanthu.

"Bukunso likutero. Ine ndikupeza 45.4. Ndabwereza kasanu."

"Wapeza ndi chiyani?"

Anawapatsa kalikuleta yake yotuwa, ya mtundu wokhawo wololedwa m'chipinda cha mayeso. Bambowo anavala magalasi, anadina 30, nkudinanso batani la sayini. Yankho la sayini wa madigiri 30 ndi 0.5, ngakhale mwana wa sekondale amaimba pamtima. Kalikuletayo inati 0.454.

A Miyendo Itatu anayang'ana kudenga. Anavula chipewa, anakanda pankhongo, anachivalanso. Munthu wamkulu akayamba kuyang'ana kudenga chonchi, dziwani kuti mlandu ukumudziwa.

"Kalikuleta iyi umaisunga m'dilowa iyo?"

"Eya."

"Iii, mwanangu. Ndiye wakugwetsa ndine."

Nkhani yake inali yotere. Masabata awiri apitawo, tsiku lomwe mtsikanayo anatandala kothira konkire, kalikuleta ya bambowo inatha mabatire. Anatsegula dilowa nkubwereka yotuwayo. Tsono makina awo opimira, achikalekale, amagawa bwalo m'magawo 400, osati madigiri 360 monga amachitira mabuku ndi anthu ena onse. Anasintha kalikuletayo kuti imvane ndi makina awo, anagwira ntchito yawo bwinobwino, madzulo nkuibweza pamalo pake mwaulemu wonse. Chomwe anaiwala ndi kuibwezera m'maganizo ake akale.

"Taona apa," anatero akuloza ndi chikhadabo pamwamba pa kagalasi. Panali kachilembo G, kakang'ono ngati nsabwe, kosonyeza magawo 400 aja, pamalo pomwe pankayenera kukhala D wa madigiri. Anadina mabatani atatu, G nkusanduka D. "Yesa tsopano."

Mtsikanayo analembanso funso la waya lija. 50. Anapita pa la msewu wotsetsereka. Linagwirizana. La denga, linagwirizananso. Pofika funso lachisanu anali akuseka, pa lachisanu ndi chiwiri misozi inali ikudonthera pabuku, ndipo sanaipukute. Masabata awiri akudzitcha mbuli, akudya mosakoma, akuopa kuyang'ana achemwali ake m'maso, koma njira yake inali yolondola tsiku lililonse.

"Bambo, mukanakhala msinkhu wanga ndikanakumenyani ndi bukuli."

"Menya, mwanangu, ndalakwa ndine. Koma iwenso ndikudzudzule pang'ono. Ife chipangizo sitichikhulupirira tisanachifunse funso lomwe yankho lake tikulidziwa kale. M'mawa uliwonse ndimayamba ndapima chizindikiro chomwe ndinakhoma ndekha. Iwe unakayikira mutu wako masabata awiri, kapulasitiki aka osakakayikira ngakhale kamodzi?"

Zinali zoona, ndipo zinamuwawa pang'ono mtsikanayo. Anangoweramira bukulo nkupitiriza. Mafunso khumi ndi anayi aja anakhoza khumi ndi atatu. Lotsalalo analakwitsadi yekha, anaona pomwe anapotoka, ndipo ngakhale limenelo linamukondweretsa popeza linali kulakwa kooneka.

Atadzutsa mutu, wotchi ya pakhoma inali pa 12:20. Tsamba lija pakompyuta linali litatseka lokha. Njira yothawira inali itapita, ndipo anadabwa kumva thupi lonse likupepuka ngati watula thumba la simenti.

"Basi, Loweruka ndikalemba," anatero.

"Ukalemba ndithu." Bambowo anadzuka, anafika pakhomo, kenako anatembenuka akukandanso pankhongo. "Kungoti yanga ija mabatire akuvutabe, ndiye masanawa ndimati mwina..."

Mtsikanayo anatola kalikuletayo, anailowetsa m'thumba la pachifuwa nkutseka zipi.

"Mpaka Lolemba, bambo, ngakhale kuiyang'ana musaiyang'ane."