Eyakoni Imene a Kalinde Sanakonzetse

1.
Ikutulutsa mphepo, koma yotentha. Ndi mmene ndawauzira a Jafali, makaniko a ku Limbe, nditaimika galimoto ya malemu amuna anga pa galaja yawo. Loweruka tikukaika chiliza pamanda a amuna angawo ku Chikwawa, ndipo nditenga apongozi anga, gogo wothamanga magazi. Dzuwa la Okutobala kutsika Thabwa silisewera ndi munthu.

Eyakoniyi inasiya liti kuzizira, mayi?
Patha zaka zitatu.
Zitatu? Osakonzetsa?
Kafunseni eni ake. Agona ku Chikwawa.

2.
Ndiiona Loweruka.

Munkatero inu, a Kalinde. Loweruka linkafika, mutsuke galimoto, mupukute matayala mpaka kuwala, mukamvere mpira pa wailesi. Eyakoni osaikhudza.

3.
A Jafali atsegula boneti, akuwerenga ndi zala zakuda ndi mafuta:

mwina gasi anatha
mwina paipi inabooka
lamba wokhwepa
fani yosazungulira
sefa yodzaza fumbi
kapena kompuresa inafa

Ikakhala kompuresa, mayi, za Loweruka muiwale.
Sindingaiwale, bambo. Ndikufuna ndikafike pamanda paja magalasi ali otseka, aone kuti zinali zotheka.

4.
Galimotoyi itangobwera kuchokera ku Japan eyakoni inkazizira mpaka m'mafupa, ndipo ine ndinkaitsegula mpaka kumapeto. Adokotala anati ndi mphumu yangayi mphepo yozizira ndiziipewa. Ndinati adokotalawo ndi nsanje, amayenda pa minibasi. Tsiku lina pa Zalewa chifuwa chinatseka, kampope kanga kopumira nditakaiwala kunyumba. Masiku anayi m'chipatala. Ndinati linali fumbi. Tsiku lotuluka ndinangokhala pampando n'kudina batani.

Zii.

Yafa, munatero. Ndiiona Loweruka.

5.
Munali munthu wathupi inu, thukuta linkayamba musanalize n'komwe injini, kathawulo paphewa, malaya atamatirira kumsana, ine pambali pakamwa osatseka, taonani anzathu akudutsa magalasi otseka ngati mabwana ife tikumeza fumbi la m'Ndirande, wigi yanga inakafika ku ukwati wa mwana wathu Tadala itafiira, azimayi a kumpingo akukana kukwera akuti muli ngati mu uvuni, kuuma manja kwanji kumeneku, ulesi wanji umenewu, inu n'kumangopukuta khosi, kumangoseka, tsitsani galasi mayi a Tadala, mphepo ya Mulungu ndi yaulere

6.
Gasi alimo, mayi, akutero a Jafali, maso ali pa geji. Wodzaza. Paipi sikudontha. Lamba ndi wolimba, sefa ndaigugudza, fani ikuzungulira.
Ndiye chavuta n'chiyani?
Ndikadina batani kompuresa sikulira n'komwe. Moto sukufikako. Mundipatse mpata nditsate mawaya.

7.
Linali Lachiwiri m'mawa, mukundisiya pa msika.

Mwamuna wanji wolephera kukonzetsa ngakhale kamphepo?

Ndinamenyetsa chitseko, osacheuka. Masana anzanu a kuntchito anandiimbira foni kuti mwagwa. Mawu anga omaliza kwa inu ndi amenewo. Chaka chatha, koma amandiwawabe, ndipo ndikawakumbukira ndimakwiyira inu, chifukwa mukanangoikonzetsa sindikanawanena.

8.
Ndiiona Loweruka.
Ndiiona Loweruka.
Tsitsani galasi, mayi a Tadala.

9.
A Jafali agwada, alowetsa mutu pansi pa chiwongolero, atsegula kabokosi ka mafyuzi.

Mayi, tabwerani. Mukuona mpata uwu, ngati pozuka dzino? Apa ndi pa fyuzi ya eyakoni. Palibe.
Inapsa?
Ayi. Munthu anachita kuizula. Ndi iyi apa.

Ili kuseri kwa chivindikiro, yomata bwinobwino ndi selotepi, m'kajumbo kakang'ono ka mapiritsi a kuchipatala. Inki inafwifwa koma ikuwerengeka. Dzina langa, Elube Kalinde. Awiri m'mawa, awiri madzulo. Pansi pake pali tsiku lija ndinatuluka m'chipatala.

Munaizula ndinu, a Kalinde. Mukanandiletsa sindikanamva, munkandidziwa. Ndiye zaka zonsezo munasankha thukuta ndi pakamwa panga, a Kalinde, kuti ine ndizipuma. Ndalira pa galaja ya eni, anthu akuyang'ana.

Pepani mayi, akutero a Jafali, fyuzi ili pachikhatho. Ndi yabwinobwino. Ndikangoibwezera izizira pompano. Ndibwezere?

Apongozi tinyamuka nawo m'mamawa dzuwa lisanakwiye, ndiwatengera madzi ndi kathawulo kanu. Ndailandira fyuziyo, ndaifumbata. Ndi kanthu kochepa ngati njere ya dzungu.

Isiyeni, bambo. Ndiiona Loweruka.

Ndalowa m'galimoto, ndatsitsa galasi.