Kiyi wa ku Zomba

Mu 1998, Janeth Makaiko ndiye ankayang'anira makompyuta pa ofesi ya bungwe lina la zamaphunziro ku Domasi. Mphunzitsi akafuna kutsegula imelo ankalemba dzina ndi mawu ake achinsinsi, ndipo kompyuta ya ku Domasi inkawatumiza pa waya wa foni ku kompyuta yaikulu ya ku Zomba kuti ivomereze. Woyang'anira ya ku Zombayo anali mwamuna wake, Silas.

Makompyuta awiriwa ankafunika kukhala ndi kiyi wofanana, wobisa mawuwo ali m'njira kuti wina asawawerenge. Koma Janeth akangoika kiyi mbali yake, zonse zinkaduka.

"Muchotseni kaye, mayi a Tawina," ankatero Silas pafoni. "Mawaya a kumeneko ngovunda."

Janeth anakhulupirira. Anakalipira anthu okonza mafoni, anasintha modemu yolumikizira kompyuta ku foni, tsiku lina anavumbwa ndi mvula mpaka ku Songani pofuna waya watsopano.

Loweruka lina awiriwo akuchokera ku maliro ku Malemia, Silas anangoti, "Ndiye ntchito mukufunsira ku Blantyre ija, mwana mumusiyira ndani?"

Janeth anaima pakati pa msewu. Nkhaniyo anauza mng'ono wake Esnath yekha, pa imelo.

"Mwaidziwa bwanji?"

"Ndine mwamuna wanu."

"Ndafunsa kuti mwaidziwa bwanji! Kiyi uja simunamuikepo n'komwe mbali yanu, eti? Ine kutukwana anthu osalakwa, inu muli phee kutola mawu athu achinsinsi! Ndi anga okha kapena a aphunzitsi onse?"

Silas anayang'ana kumbali. "Enawo ndinkangowaona akudutsa."

"Opanda manyazi inu!"

Azimayi amene ankabwera m'mbuyo mwawo anayamba kuyenda pang'onopang'ono kuti amve bwino. Janeth analibe nazo ntchito.

Lolemba anaikanso kiyi mbali yake, n'kukwera minibasi ya ku Zomba. Analowa mu ofesi ya Silas osagogoda, n'kuitana abwana awo, a Maliro, kuti aone. Anaika yekha kiyi uja pa kompyuta ya Silas. Makompyuta analumikizana nthawi yomweyo.

Atabwerera ku Domasi anauza aphunzitsi onse kuti asinthe mawu awo, ndipo chifukwa chake sanabise. Ena anamukwiyira iye yemwe.

Silas anaimitsidwa ntchito. Ankhoswe atabwera kudzapepesa, anapeza Janeth akumanga katundu, atamuveka kale Tawina nsapato.