Mabowo a m'Nyumba ya Eunice

Ntchito ya Yotamu inali yofufuza malo amene nyumba imatayira mpweya. Anthu akamufunsa kutchalitchi ankangoti amayeza nyumba, chifukwa akafotokoza zonse ankangosekedwa. Ankafika pa nyumba yatsopano, n'kutseka mawindo onse, n'kumanga chinsalu chofiira pakhomo, chokhala ndi fani yaikulu pakati. Faniyo inkakokera mpweya kunja ndipo kachipangizo ka m'manja kankaonetsa nambala. Nambala ikatsika, ndiye kuti nyumba ndi yomatika bwino. Ikakwera, ndiye kuti nthawi yozizira eni ake azidzafunditsa msewu wonse ndi magetsi awo. Malamulo a zomangamanga a masiku ano sakondwera nazo zimenezo, ndipo nyumba zina pulani yake imavomerezedwa pa mfundo yoti zikatha zidzayezedwa.

Imodzi mwa nyumba zoterozo inali kanyumba ka zipinda ziwiri kamene a Howard anamangitsa kuseri kwa nyumba yawo ku Oshawa, m'dziko la Canada, kuti muzikhala mwana wawo Eunice ndi khanda lake.

A Howard sanali kasitomala wamba. Ndiwo anakamutenga Yotamu ku bwalo la ndege la Pearson zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, n'kumugoneka pa sofa yawo miyezi itatu osadandaula. Ndipo mwezi wotsatira ndiwo ankayenera kuima ngati ankhoswe ake pokakumana ndi akwawo kwa Mwiza, mtsikana amene Yotamu ankafuna kumukwatira, poti malume ake enieni anali ku Ntcheu ndipo viza inawakanika. Akwawo kwa Mwiza anali atanena kale kuti sangakambirane za mwana wawo ndi anzake a mkamwini akumpira.

Yotamu anafika Lachiwiri m'mawa, mu Novembala, mitengo itayoyoka kale. Anamanga chinsalu chake, n'kuyatsa fani. Nambala inakwera, n'kukwerabe, mpaka inaima pamalo amene Yotamu ankangowaona m'nyumba zakale za ku Hamilton, zomangidwa agogo a eni ake asanabadwe. Anazimitsa, n'kuona ngati panali zenera lotsegula. Panalibe. Anayatsanso, nambala yomweyo.

Ndiye anatenga kachubu kake kofuka utsi n'kuyamba kuzungulira m'makoma. Sanavutike n'komwe. Pamwamba pa zenera la kuchipinda utsi unabalalika, ndipo ataponda pa mpando anaona kachitsulo koyera kamipatamipata, komangidwa mwaluso ndi masikuluu anayi. Ataikapo dzanja, mphepo ya kunja inamuomba. Pa zenera lililonse panali kotero.

"Malume, izi waboola ndani?"

"Ndaboola ine," anatero a Howard, amene anaima pakhomo la kukhitchini manja ali m'thumba. "Loweruka, kontrakitala atachoka."

"Onse sikisi?"

"Ndamanga nyumba ku Dedza zaka fifitini ine, usanabadwe. Unaiona kuti nyumba yopanda maventi? Azungu angopanga bokosi, ati muzigona munthu ndi khanda."

Yotamu anawafotokozera modekha, monga amachitira ndi aliyense. Nyumba za kuno zimapuma ndi makina. Anawatengera kukabati ya pafupi ndi bafa n'kuwaonetsa chibokosi choyera chimene chimatulutsa mpweya woipa n'kulowetsa wabwino usana ndi usiku, koma osataya kutentha. Anawauzanso kuti mabowowo anang'amba pulasitiki ya m'kati mwa khoma, ndiye chinyezi chizilowa n'kumaoletsa matabwa. A Howard ankamvetsera ngati mmene amamvetsera munthu zolengeza za m'tchalitchi.

"Magetsi akazima?"

"Kuno sazima kawirikawiri, malume."

"Kawirikawiri," anabwereza a Howard.

Anakhala pa chidebe cha penti. Kenako ananena nkhani imene Yotamu, pa zaka zonse zimene anadya pa tebulo lawo, anali asanaimvepo. Anali ndi mlongo wawo, Mathilda, amene anamumangira nyumba ku Dedza. Njerwa za maventi zinachedwa kubwera, iwo n'kungotseka khoma lonse, ati adzaboola pambuyo. Juni anafika ndi chisanu chake. Mathilda analowetsa mbaula kuchipinda, n'kutseka chitseko ndi mawindo, n'kugona ndi ana ake awiri. M'mawa mwake chitsekocho anathyola ndi a Howard omwe.

Sanalire. Anangoinena nkhaniyo mwachidule akuyang'ana pansi.

"Pepani, malume," anatero Yotamu. "Koma muno mulibe mbaula. Chitofu n'cha magetsi, alamu ya mpweya woipa ndi iyo apo."

"Ndamva. Tsono tichite chonchi. Umate tepi pa mabowopo, uyeze, usaine. Ukachoka ndichotsa tepiyo. Boma lisangalale, ine ndizigona tulo. Adziwa ndani?"

Tepi inalimo m'chikwama, ndipo ntchitoyo inali ya mphindi khumi basi. Yotamu ankadziwa anzake ena amene akanachita zimenezo akuimba mluzu. Anachita mantha, ndipo anachita manyazi kwambiri, chifukwa munthu amene ankamupemphayu anali asanamupemphepo kanthu chifikireni. Koma pepala losainalo limanena za nyumba monga mmene anthu adzakhaliremo, osati monga mmene inalili pa mphindi khumi zimenezo. Komanso khoma likadzayamba nkhungu, wodzaipuma anali khanda lomwe lija.

"Sindingasaine, malume. Yafeila. Mukatseka mundiitane, ndidzabwera tsiku lomwelo."

"Iwe Yotamu, ukundikanira ine?"

"Ndikukana mabowowo."

A Howard anamuthandiza kumasula chinsalu, n'kunyamula fani mpaka ku galimoto, poti pa ntchito ya manja sankatha kungoonerera. Atatseka buti analowa m'nyumba mwawo osatsanzika.

Patatha masiku asanu ndi atatu anaimba foni ndi Eunice. Chichewa chake chinali cha ana obadwira kuno, chodumphadumpha, koma uthenga unamveka: kontrakitala wabwera, watseka zonse, abwere adzayeze. Yotamu anapita. Pamwamba pa mawindo panali patapakidwa penti yatsopano, moti mlendo sakanadziwa kuti panali chinachake. Fani inalira, nambala inatsika bwinobwino, iye n'kusaina. Galimoto ya a Howard inali panja, koma eni ake sanatuluke.

Eunice anamuperekeza mpaka pageti, khanda lili paphewa.

"Adadi akuti zikomo," anatero. Kenako anayang'ana kumbali. "Akutinso za chinkhoswe, mupeze munthu wina. Ati iwo sangathe. Sore, ankolo."

"Palibe vuto," anatero Yotamu, ndipo anamufunsa ngati khanda likugona bwino.

Anayendetsa galimoto mpaka pamalo oimika magalimoto a siteshoni ya sitima, n'kuima pamenepo injini ikulira. Anamuimbira Mwiza, amene anali pa nthawi yopuma ku chipatala kumene ankagwira ntchito, n'kumuuza zonse. Mwiza sanamudzudzule. Anangofunsa funso limene linali loyenera kufunsidwa.

"Nde tiuza ndani? Kwatsala masabata atatu."

"Ndiona."

Atadula, anatsegula mayina a mufoni n'kuyamba kutsika nawo limodzilimodzi. Analimo ambiri: makontrakitala, anzake akumpira, abusa awiri, munthu wogulitsa matayala a m'chisanu. Anafika kumapeto n'kubwereranso pamwamba. M'dziko lonse la Canada munalibe wina, kupatula a Howard, amene ankadziwa dzina la bambo ake.