Wodula Mitengo wa ku Potato Creek

Bambo Kalonjere analondera nkhalango ya Dzalanyama zaka makumi atatu, koma tsiku lopuma ntchito anasiya mapiri atameteka mpala. Ootcha makala anawaposa liwiro. Ndiye pofika ku South Bend, mzinda wa kunja kwa dziko lino, kudzacheza kwa mwana wawo Akuzike, yemwe ndi namwino kumeneko, anali atagwa nayo mphwayi mitengo. Ngakhale mibawa imene anadzala okha kuseri kwa nyumba yawo ku Mitundu anali ataganiza zoidulitsa. Ocheka matabwa anali atanola kale macheka, ndipo Gray, mwana wa mlongo wawo, ankangodikira foni Loweruka kuti ntchito iyambe.

"Ndikapanda kudula ine adula akuba," ankatero. "Nkhalango yopanda zitsa kulibe padziko pano."

Akuzike sanatsutse, poti kukangana ndi mkulu ameneyu n'kungotha malovu. Loweruka m'mamawa anangoti, "Adadi, tavalani jekete, tikawongoleko miyendo ku Potato Creek."

Paki imeneyi ndi nkhalango ya boma, yokhala ndi nyanja pakati. Inali nyengo yoyoyoka masamba, mitengo ili psuu, ina yachikasu, nkhungu ikufuka pamadzi. Anthu ena akanakweza maso. Koma mlonda sapuma: bambo Kalonjere ankayenda chowerama, kusaka zitsa, mphuno ikununkhiza utsi wa uvuni wa makala. Anayenda ola lathunthu osapeza kanthu. Anangoona chimtengo chogwa chokha chikuwola, nkhuni zokwanira maliro awiri, popanda wothyolako ndi kanthambi komwe. Zinawaopsa.

Kenaka m'mbali mwa nyanja anachipeza: chitsa chatsopano, chosongoka, tizibenthu tili mbwee pansi.

"Ndinanena ine!" anafuula, nkhope itawala ngati atola ndalama, ngakhale mumtima munawawa. "Kankhwangwa kakang'ono aka, kakuthwa. Wadula usiku wathawu, thunthu wakokera uku."

"Adadi, musapite patali, amakufainani mukaononga zomera!"

Aa, ndani amve? Galu wamkota sakandira pachabe. Anatsata mkwasa wa thunthulo mwakachetechete monga ankachitira ku Dzalanyama, mpaka unathera m'madzi. Apo anaima njo. Pakamtsinje kolowa m'nyanjamo panali damu la nthambi ndi matope, lomangidwa mwaluso moti madzi anali atadekha phee kuseri kwake. Ndipo pakati pamadzipo pankabwera mwini wake: kanyama konga ntchenzi yonenepa, mchira wophwatalala ngati chipande, nthambi yamasamba ili kukamwa.

"Ndi biva ameneyo," ananong'ona Akuzike atawapeza. "Amadula ndi mano."

"Ndi mano?"

"Eee. Damulo wamanganso yekha."

"Nanga alonda akuno amangomuyang'ana?"

"Kwawo n'konkuno, Adadi."

Kanyamako kanalowetsa nthambi ija m'damu, kenaka kanamenya madzi ndi mchira kuti pha! n'kumira. Bambo Kalonjere anavula chipewa. Chitsa chimodzi chokha m'nkhalango yonseyi, chimenechonso si cha munthu! Anakweza maso kwa nthawi yoyamba, ndipo anaona mitengo ikupitirira mpaka kutsidya kwa nyanja, yathunthu, yosakhudzidwa ndi nkhwangwa. Misozi inatsika, ya mantha ndi chimwemwe pamodzi, ndipo sanaibise.

Foni inalira m'thumba. Anali Gray.

"Malume, anthu aja afika ndi macheka. Ayambe?"

"Uwaphikire tiyi, amwe, azipita."

"Ha! Nanga akuba munkanena aja?"

Bambo Kalonjere anayang'ana pamadzi pamene kanyama kaja kanamirira. Mafunde ake anali asanathe.

"Iwe Gray, jombo zanga zantchito zija zili pansi pa bedi. Uzitulutse, uzipake polishi. Ndikubwera kudzailondera ndekha mitengoyo."