Mawu a Pakhonde Sasunga Nyumba

Vainess anapeza kalatayo itamatidwa pachitseko pochokera kuntchito kuchipatala ku South Bend, ku America, Lachiwiri lina mu Januwale 2006. Anaiwerenga ali chiimire, jekete lili m'thupi. Inkanena kuti lizi yawo, pangano la chaka chimodzi lokhala m'fulatiyo, itha pa 31, ndipo poti sanasayine pepala lowonjezera nthawi, nyumbayo aipereka kwa ena.

Kunja kunali mbee ndi chipale chofewa. Fulatiyo inali pafupi ndi basi yopita kuchipatala, ndipo galimoto yawo imodziyo inali ndi mwamuna wake Lucious, yemwe ankagwira ntchito ku Indianapolis n'kumabwera ku South Bend Loweruka lokha. Mwana wawo Chiyamiko anali atangozolowera kumene sukulu. Akanalowera kuti m'chisanu chotere?

Chomwe chinkamupweteka kwambiri n'choti iye ankayesa kuti nkhaniyi inatha kalekale. Mu Novembala anakumana pakhonde ndi mayi woyang'anira nyumbazo, n'kumupatsa moni ndi ulemu wonse umene anaphunzira kwawo, n'kumuuza kuti chaka chamawa akhalabe. Mayiyo anamwetulira, mano onse pamtunda. Ndiye panatsalanso chiyani? Kwawo ku Zingwangwa Vainess anakhala nyumba ya lendi zaka zisanu ndi ziwiri popanda ngakhale kapepala, mawu a munthu wamkulu ankakwanira. Choncho pepala lowonjezera nthawi lomwe linabwera m'bokosi la makalata analiponya m'dirowa pamodzi ndi zotsatsa malonda.

Misozi ili m'maso, anaimbira foni a Flora, mayi wa kutchalitchi kwawo yemwe anafika ku America kale kwambiri. A Flora sanamuseke. Anamuuza kuti nawonso zinawaonekera ali mumzinda wa Lawrence, mpaka anasamutsa katundu mvula ili pamsana.

"Amake Chiyamiko, kuno kumwetulira si pangano," anatero a Flora. "Tulutsani lizi ija, muwerenge pomwe pakunena za kurinyuwa."

Vainess anaifunafuna mpaka anaipeza. Patsamba lachitatu panalembedwa poyera kuti wofuna kukhalabe azidziwitsa ofesi polemba kalata masiku makumi asanu ndi limodzi lizi isanathe. Anachita manyazi, poti tsamba limenelo anasayinapo yekha osaliwerenga.

A Flora anamulangiza kuti asadikire Loweruka. Alembe kalata yopempha kuwonjezera lizi, aikepo tsiku, atenge pepala la m'dirowa lija, mawa lomwelo alawirire ku ofesi. Poti mayina a pa lizi anali awiri, Lucious nayenso ankayenera kusayina.

Lucious atamva anayamba ndi mwambo wa abambo, woti nkhani zotere zimafuna iye afike kaye akaonane ndi a ku ofesi maso ndi maso.

"Bambo a Chiyamiko, maso ndi maso ndi zomwe zatifikitsa pano," anatero Vainess. "Mawa mukhale pafupi ndi fakisi ya kuntchito kwanu."

M'mawa mwake a Flora anamuperekeza. Mayi wa mu ofesi uja anakumbukira bwino moni wa pakhonde, koma anafotokoza mofatsa kuti eni nyumba amaona zomwe zili m'faelo basi. Anawonjeza kuti banja lina linabwera kudzaona fulatiyo, linaikonda, ndipo linalonjeza kudzasayina Lachisanu.

"Alonjeza pakamwa, kapena asayina?" anafunsa a Flora.

Mayiyo anatsegula faelo. Munalibe kalikonse. Banja lina lija nalonso linali litangolankhula, ngati Vainess.

Pepala linapita ku Indianapolis pa fakisi, n'kubwerako ndi dzina la Lucious lisanakwane ola. Vainess anawerenga tsamba lililonse, chala chikuyenda pamzere, asanasayine. Kenako anapempha kope yake yokhala ndi tsiku ndi siginecha ya ofesi. Potuluka a Flora anamugwira paphewa n'kumukumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Atafika kunyumba, Vainess anachotsa kalata ija pachitseko. Anatsegula kalendala mpaka pa Novembala, n'kuzunguliza tsiku loyamba ndi cholembera chofiira.

Inunso amene mukukhala nyumba ya lendi, werengani lizi yanu lero, mudziwe tsiku lomwe ithere. Ngati mukufuna kukhalabe, lembani kalata nthawi ikadalipo, onse olembedwa pa lizi asayine, ndipo sungani kope yanu. Ulemu ndi wabwino, koma chomwe chinasunga nyumba ya Vainess ndi pepala.