Nyumba ya a Sitigonja

"Ndiye mukuti tituluke?" anafunsa Telala, ali chiimire pakhomo.

A Mlembi a bungwe la antchito anangozunguza chipewa pabondo. Bambo ake a Telala anali atangoikidwa m'manda, koma kampani ya nsapato yomwe anaikalambira inali itatumiza kale mawu: nyumba ndi ya kampani, mwezi ukamatha makiyi abwerere. Mayi ake anakhala pansi atatsamira khoma, akupinda ovolosi ya malemu, kuifunyulula, n'kuipindanso.

"Pangano lathu ndi kampani limati wamasiye asachotsedwe m'nyumba," anatero a Mlembi. "Koma limanena wamasiye wa membala, mwana wanga. Bambo ako anang'amba khadi lawo tsiku lomwe tinasaina."

Zimenezo Telala ankazidziwa. Ndani sankazidziwa? Malemuwo dzina lawo lenileni linachita kuiwalika, aliyense ankangoti a Sitigonja. Anali munthu woti tiyi wa pamsonkhano ankayamba wafunsa kuti shuga wagula ndani. Iwo ndi a Mlembi analowa limodzi chipani cha chikomyunizimu ali anyamata, mpaka tsiku limene a Mlembi anakweza nawo dzanja kuti mnzawoyo achotsedwe.

"Munawachotseranji?" anafunsa Telala. "Anaba? Anagulitsa munthu?"

"Ayi ndithu. M'chipani timati munthu wotere wapitirira kumanzere. Tonsefe tili kumanzere, tonse timafuna fakitale idzakhale ya antchito. Koma iwo ankaifuna lero lomwe, yonse yathunthu. Kuvota, ayi. Kukhala pansi ndi mabwana, ayi. Bungwe lenilenilo ankati ndi chingwe chomangira antchito. Ndinkawauza kuti kuthamanga sikufika, iwo n'kumati ukalandira nyenyeswa wavomereza kuti buledi ndi wa bwana."

"Nyenyeswazo ndi denga lathu lino," anatero Telala.

"Ndikudziwa."

Telala anayandikira n'kutsitsa mawu. "Bambo, lembani kuti anabwerera m'bungwe asanamwalire. Ndani akawafunse kumanda?"

A Mlembi anapukusa mutu. "Khadi analing'amba atakwera pabokosi la katundu, fakitale yonse ikuonerera, ndipo chaka chilichonse ankatikumbutsa pageti. Kampani ikatigwira bodza, ithetsa pangano lonse. Amasiye ali mumzere uno ndiwauza chiyani?"

"Ndiponso mukawalemba adzuka," anatero mayi osakweza maso. "Adzang'ambe kachiwiri."

A Mlembi anayamba kuseka, n'kulekeza panjira. "Alamu, ndayesa paliponse. Ndagogoda mpaka kwa manijala, munthu amene sindimupatsa moni."

Atapita, Telala anakhala pafupi ndi mayi ake. Anawakwiyira bambo ake kwambiri, ndipo chinamupweteka koposa n'chakuti wokangana naye panalibe. Akanakhala moyo akanamuyankha mpaka mpunga kupserera pamoto, chala chili m'mwamba, akumutchula "mnzanga wantchito" ngati si mwana wawo. Tsopano zonena zawo zinali zitatha, zotsala zinali za iye ndi mayi: kachipinda komwe Telala ankasokeramo zovala kuseri kwa sitolo ya mwini wake, komwe makina ndi bedi zinkachita kukankhana.

Anapitabe ku ofesi ya kampani kukapempha. Kalaliki anamupepesa bwinobwino za maliro, kenaka anamufunsa ngati makiyi onse alipo.

Tsiku losamuka kunacha ndi mphepo. Katundu yense anakwana pa ngolo imodzi yokankha, malo n'kutsala. Akumanga chingwe, Telala anaona anthu akubwera mumzere wa nyumba za kampani, aliyense atanyamula chinthu. Wosoka zidendene za nsapato anabweretsa njinga. Mlonda wa pageti anasenza makwerero. Ena mipando, ena wailesi, wina nyundo, mayi wina bulangete lakale lomwe Telala ankafunda ali mwana.

"N'zanu izi, anatipatsa ndi malemu," anatero mlonda. "A Sitigonja ankati chinthu mwini wake ndi amene akuchisowa. Lero osowa ndinu."

Mulu unakula pabwalo mpaka kupitirira ngolo. Telala anauyang'ana, n'kuganiza za kachipinda kaja, misozi n'kuyamba kutsika. Panalibe poika ngakhale mpando umodzi.

A Mlembi anafika pomalizira, manja ali lende. Anaima patsogolo pa mayi, n'kuyamba kumasula mabatani a jekete lomwe anavala.

"Ilinso n'lawo, alamu. Tsiku tinawachotsa m'chipani kunkagwa mvula. Ananditukwana panja pa holo kuti ndine galu wa mabwana. Atamaliza anaona ndikunjenjemera, n'kuvula, n'kundiveka. Iwo anapita ndi malaya okha."

Mayi anagwira kolala ya jeketelo, anaisisita pang'ono ndi chala, kenaka anayamba kumanganso mabatani aja, limodzilimodzi mpaka la pakhosi.

"Valani, alamu, kukuzizira," anatero. "Ife tilibe polipachika."