Odwala Ongoyerekeza

Kampani yathu inali ya anthu asanu ndi mmodzi, chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya matayala, ndi ketulo yomwe inkawiritsa madzi ikafuna yokha. Ntchito yake njosavuta kufotokoza. Munthu akadwala amalemba pa foni zimene akumva, n'kutumiza chithunzi ngati pali choonetsa, ndipo ife timamulumikiza ndi dokotala amene ali ndi mpata. Wolumikizayo ndinali ine. Ndinkadzimva, sindikana. Ndikapita kwathu ndinkalankhula ngati matenda onse a padziko lapansi athera m'manja mwanga.

Tisanaitsegulire anthu pulogalamuyo, tinkayenera kuiyesa kaye. Mnzathu wolemba mapulogalamu, amene tinkamutchula kuti Mawaya chifukwa cha chipwirikiti chomwe chinali pansi pa tebulo lake, anati aliyense abweretse manambala a foni a abale ake kuti tilembetse odwala ongoyerekeza. Ine ndinapereka ya abambo anga. Lamlungu lina nditapita kukawaona, ndinawaikira pulogalamuyo m'foni mwawo, ndinatumizirapo mauthenga awiri oyesera, basi n'kuiwalako.

Mauthenga ochokera ku manambala amenewo sankapita kwa dokotala aliyense. Ankagwera m'bokosi laokha la zoyeserera, lomwe palibe ankalitsegula, ndipo kompyuta inkayankha yokha. Yankholo ndinalemba ndine, ndikumwa tiyi, osaliganizira n'komwe: "Talandira uthenga wanu. Musade nkhawa, dokotala akuyimbirani posachedwa."

Patapita miyezi inayi, Lachinayi m'mawa, abwana analowa atavala jekete, chinthu chimene ankachita pokhapokha kukamabwera alendo ofunika. Anauza Mawaya kuti afufute zoyeserera zonse, alendowo asadzaone zinyalala m'kompyuta. Ine ndinali kalikiliki ndi mayi wina amene mwana wake anameza batani, ndiye Mawaya atayamba kuseka sindinacheuke. Anati mmodzi mwa odwala athu abodza ndi wakhama kuposa enieni, watumiza mauthenga makumi awiri ndi atatu. Anafunsa kuti ndani mwa ife alibe chochita mpaka kumasewera ndi wodwala nambala seveni. Kenako anatsegula chithunzi chomwe chinali mu uthenga womaliza, ndipo anasiya kuseka.

Ndinadzuka kukaona. Linali phazi, lotupa ngati buledi, zala ziwiri zitada bii. Koma ine maso anga sanakhale paphazipo. Ndinaona chitsulo chopondera makina osokera, ndi simenti yong'aluka imene ndinkajambulapo ndi choko ndili mwana. Abambo anga ndi telala, ndipo akhala akusokera pakhonde lomwelo zaka makumi atatu.

Ndinakhala pampando wa Mawaya osapempha, n'kuyamba kuwerenga kuchokera kumayambiriro.

Abambo ankalemba mwaulemu, monga amalankhulira ndi anthu ophunzira. Uthenga wawo woyamba unali wa milungu itatu m'mbuyomo. Anadzifotokoza kuti ndi bambo anga, ali ndi matenda a shuga, ndipo aponda singano yothyoka ya makina. Ankangofuna kudziwa choti apakepo. Patapita masiku awiri analemba kuti balalo latupa. Kenako kuti likutuluka madzi. Kenako anapepesa chifukwa chovutitsa, poti akudziwa kuti adokotala ali ndi odwala ambiri. Pansi pa uthenga uliwonse panali mawu anga aja, osasintha ngakhale chilembo chimodzi, akuwauza kuti asade nkhawa.

Womaliza unali wa dzulo lake. "Adokotala, kupweteka kwasiya. Ndikuona ngati ndayamba kuchira. Zikomo pondilimbitsa mtima."

Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti ndinkawayimbira Lamlungu lililonse. Kawiri konse anandiuza kuti akulemberana ndi adokotala a kuntchito kwathu, ine n'kuseka, kuganiza kuti akundigemula monga mwa chizolowezi chawo. Za phazi sananene, ndipo ine sindinafunse kuti akulemberana za chiyani.

Tsiku limenelo tinali ndi adokotala aakazi amene amabwera mu ofesi Lachinayi lililonse. Anayang'ana chithunzicho nthawi yochepa kwambiri, n'kuvula magalasi.

"Munthuyu ali kuti?"

"Ndi bambo anga. Ali kwathu, ulendo wa maola awiri."

"Nyamukani pompano. Kusiya kupweteka si kuchira, ndiye kuti mnofu wafa. Mukachedwa adula mwendo."

Abwana anali ataima pakati pa chipinda kukamwa kuli yasa. Munthu amene tsiku lililonse ankatilalikira kuti wodwala asadikire kupitirira mphindi khumi, anangofunsa motsitsa mawu kuti manambala otere alipo angati. Mawaya anati khumi ndi anayi. Anawatsegula onse. Enawo munalibe kanthu. Abale a anzanga anaifufuta pulogalamuyo kalekale, kapena sanaikhulupirire n'komwe. Amene anaikhulupirira anali abambo anga okha.

Abwana anatenga makiyi a galimoto yawo n'kunena kuti andiperekeza okha. Za alendo aja anangouza Mawaya kuti awapatse tiyi. Mumsewu ndinayimbira abambo kuwauza kuti asachoke, ndikubwera. Anadabwa kuti ndikubwera pakati pa sabata, n'kufunsa ngati andichotsa ntchito. Nditatchula za phazi anati ndisavutike, nkhaniyo ili kale m'manja mwa adokotala. Ndinadula foni chifukwa ndikanalira, ndipo abwana anayendetsa njira yonseyo osatsegula wailesi.

Tinawapeza akusoka. Ankaponda makina ndi phazi lamanzere, mopotoka, lamanja atalikulunga ndi zidutswa za nsalu n'kuliika pa kabokosi. Pambali pawo panali mulu wa mayunifomu a sukulu. Fungo linatilandira tisanakwere n'komwe pakhonde. Ndinapsa mtima, ndipo popeza sindikanatha kudzikalipira ndekha pamaso pa anthu, ndinakalipira iwo. Ndinawafunsa ngati chipatala chinasamuka, poti chili pamtunda woyenda mphindi makumi awiri. Iwo anangondiyang'ana, kenako anapatsa abwana moni wa manja awiri n'kupepesa kuti palibe mpando wabwino.

Kuchipatala sanatisunge pamzere. Namwino atamasula nsalu zija anaitana dokotala, dokotalayo anaitana mnzake wamkulu. Wamkuluyo anafunsa kuti n'chifukwa chiyani tinakhala nalo bala lotere milungu itatu. Abambo anayankha monyadira kuti sanangokhala, ankalangizidwa ndi dokotala wa pa foni, ndipo mwana wawo uyu amagwira ntchito komweko. Dokotalayo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Bola akanangondinyoza.

Anawalowetsa ku opaleshoni masana omwewo. Anatiuza kuti zala zija zipita, koma za phazi lonse akadziwira momwemo akatsegula. Ndinakhala pabenchi maola atatu, foni ili m'manja, mauthenga a Mawaya akungolowa. Ankandiuza kuti watseka bokosi lija, wasintha yankho, walumikiza manambala onse kwa madokotala enieni. Ntchito yonseyo inamutengera mphindi zisanu.

Mwendo unapulumuka. Phazi analidula pakati, kutsala chidendene ndi kachigawo kochepa.

M'mawa mwake ndinawapeza ali maso, atatsamira pilo, akuyang'ana bandeji. Ndinawasendera nthochi, iwo anakana. Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma onse anabalalika, ndiye ndinangonena mmene zinalili. Ndinawauza kuti kunalibe dokotala aliyense. Nambala yawo ndinailembetsa ngati ya wodwala wongoyerekeza, mauthenga awo palibe anawerenga, ndipo mawu owauza kuti asade nkhawa ndinalemba ndine, kalekale, iwo asanaponde n'komwe singanoyo.

Ndinkayembekeza kuti akwiya. Ndinkafuna kuti akwiye. Koma anangoyamba kusalaza chofunda ndi chikhatho ngati mmene amachitira ndi nsalu asanaidule.

"Ndinkaona, mwana wanga," anatero. "Munthu sangayankhe mawu amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Pofika sabata yachiwiri ndinadziwa kuti pali chalakwika."

"Nanga bwanji simunapite kuchipatala, bambo? Bwanji simunandiuze?"

"Aliyense wobwera kudzasoketsa ndinkamuonetsa foni ija. Ndinkati masiku ano sitifolanso pamzere, mwana wanga anatibweretsera dokotala m'thumba. Ndiye akanandiona ndikutsimphina kupita kuchipatala, akanati chiyani za ntchito yako?"

Anasuntha mwendo uja pang'ono, n'kukwinya nkhope ndi ululu.

"Abwana ako aja asakuchotse ntchito chifukwa cha ine," anatero. "Ukawauze kuti wolakwa ndine, ndinachedwa kunena."